Mutu 7: Tsitsi la m'Bokosi la Malumo

1. Ntchito za Lachisanu

Lachisanu limenelo ndinadzuka faifi koloko isanakwane. Ndinathamangira kumpopi ndi zigubu ziwiri mzere usanatalike. Pobwera ndinateleka tiyi, n'kuwaikira amuna anga buledi ndi dzira m'kachitini kawo ka kuntchito. Atanyamuka ndinasambitsa mwana, ndinachapa matewera, madzi ochapirawo n'kukolopera pansi. Chaka chimenecho mvula inali itakana ku Cape Town, ndiye madzi sitinkataya ngakhale a m'kapu. Kenako ndinasita zovala za eni malo athu, poti ameneyo ndiye anali ganyu wanga.

Ine ndine Tione. Nthawi imeneyo ndinali ndi zaka 19, ndipo mwana wanga Cecilia anali ndi chaka ndi theka. Sukulu ndinalekezera Fomu 2 kwathu ku Ntcheu, mimba itaonekera. Amuna anga, a Brown, ankasamalira maluwa panyumba ina ku Constantia. Tinkakhala ku Dunoon, m'chipinda chimodzi cha malata kuseri kwa nyumba ya eni malo.

Ntchito yotsala inali kusesa pansi pa bedi. Kumeneko n'kumene kunkakhala bokosi la malumo.

2. Malumo

Zinayamba ndi lumo limodzi. Bwana wawo wokalamba akutaya zinthu za m'galaja anawapatsa lumo lakalekale, lopinda ngati mpeni wa m'thumba, lodzaza dzimbiri. A Brown analipala milungu itatu mpaka linayamba kuonetsa nkhope ya munthu. Kuyambira pamenepo matenda anawagwira. Akapeza mpata ankapita kumsika wa zinthu zakale ku Milnerton kukasakasaka malumo otayidwa.

Lamulungu lililonse tikabwera kutchalitchi ankakhala pakhomo, kathabwa pamiyendo. Ankapala dzimbiri ndi sandipepa, kuyambira wokhakhala mpaka wosalala ngati nsalu. Ankagulula timisomali ta chigwiriro n'kukhomera tatsopano. Chigwiriro chikakhala cha nyanga ankachimwetsa mafuta masiku angapo. Akatero ankanola pa miyala itatu, wina pambuyo pa unzake, n'kumalizira pa lamba wachikopa amene ankamangirira kumwendo wa bedi.

Sankagulitsa. Ndevu zoti n'kumeta analibenso, zinali zoti mutha kuziwerenga. Ine ndinkawauza kuti lezala wa kusipaza, kagolosale ka m'dera, amameta chimodzimodzi, ndipo samwa madzi anga ngati miyala yawoyo.

Masiku oyamba ankandiitana kuti ndidzaone. Tsiku lina ndinabweradi. Pachitsulo panali zilembo zopotanapotana za chizungu chakale. Ndinayesa kuwerenga, ndinakodwa pachilembo chachitatu, iwo n'kuseka pang'ono. Sanaseke mwachipongwe, koma ine sindinabwerenso. Akandiitana ndinkangoti manja ali m'madzi.

Amene ankatha kuwerenga zilembozo anali Zuhra, mtsikana wa ku Mangochi, wamkulu kwa ine ndi zaka ziwiri zokha. Iye Fomu 4 anamaliza. Anali ndi saluni yakeyake m'kontena pafupi ndi pokwerera matakisi. Ankajambula lumo pafoni, n'kufufuza dziko limene linapangidwa ndi chaka chake. A Brown akatsika takisi ankayamba adutsa kumeneko.

Ndiye pachakudya nkhani inkangokhala yoti Zuhra akuti ili ndi la ku Jeremani, Zuhra akuti ilo ndi la ku Mangalande. Tsiku lina ndinawerenga: dzina lake linatchulidwa kanayi mbale isanathe. Langa silinatchulidwe, kupatula pofuna mchere.

3. Kapepala

Tsache linakoka bokosilo, chivundikiro n'kutseguka. Malumo asanu ndi awiri anali atagona bwinobwino, lililonse m'kansalu kake. Pambali panali kapepala kopindidwa kanayi. Kanali kamodzi ka timapepala timene Zuhra ankagawa potsatsa saluni yake.

Ndinakafutukula. M'kati munali tsitsi la mkazi, lalitali, lakuda, lowongoka.

Langa ndinkangolimeta chibadwire cha Cecilia, posowa nthawi yolisamalira.

Kwathu mwana aliyense amadziwa kuti tsitsi la munthu silikhala m'katundu wa munthu wina popanda chifukwa. Tinkamva kuti mkazi akafuna kukoka mwamuna wa mwini amatero. Ndinamanga kapepalako pansonga ya chitenje, ndinabereka mwana, ulendo kwa azakhali anga a Estere.

4. Mawu a azakhali

A Estere ndi alongo awo a bambo anga. Anagwira ntchito ya m'nyumba za azungu zaka khumi ndi zisanu mpaka mawondo anakana. Tsopano ankagulitsa usipa ndi nyemba zobwera pabasi kuchokera kumudzi. Ndinawapeza akupima nyemba m'timapepala. Anamva nkhani yanga yonse osaleka kupima.

"Tsitsi ndaliona," anatero. "Ndi lalitali, ndi lakuda, si lako. Zimene tikudziwa ine ndi iwe zathera pomwepo. Tsitsi sililankhula, Tione. Wolankhula ndi mwamuna wako, ndipo akubwera madzulo ano. Umupatse chakudya, akhute, ukatero umuikire kapepalaka patebulo n'kumufunsa kuti, bambo, ichi n'chiyani? Akamanama udziwa. Brown sadziwa kunama, amayamba chibwibwi.

"Chachiwiri, kuno si ku Ntcheu. Kwathu ukatukwana munthu pachitsime, mawa mwakumana pamaliro, mukutunga madzi limodzi, nkhani yatha. Munthu kumbuyo kwake kuli munda, kuli abale. Kuno munthu alibe munda. Munda wake ndi dzina lake. Woluka tsitsi amadya chifukwa amayi amamupatsa mitu yawo atatsinzina. Ukangotchula mawu oti mankhwala pakhomo la kontena ija, wamuotchera nkhokwe mwana wa eni, ndipo moto umenewo iwe sudzatha kuuzimitsa ngakhale utalira chotani.

"Za malumozo inenso sindizimvetsa. Koma taganiza. Mwamuna uja sabata yonse amadula maluwa a eni momwe wauzidwira. Apa dula, apa usakhudze. Chinthu chakechake, choti palibe womulamula, ndi timipeni taketo. Anzake Lamulungu ali kumowa, iye ali pakhomo pako akupala dzimbiri. Ena akanathokoza."

Ndinati ine sindinabwere kudzathokoza. Ndinati mkazi wophunzira akufuna kundilanda banja chifukwa akuona kuti ndine mbuli.

Apa azakhali analeka kupima.

"Wanena wekha," anatero. "Chikukuwawa si tsitsi ayi, ndi Fomu 4 wa mnzako. Ameneyo ngakhale umutukwane mpaka mawu athe, satifiketi yake sidzasamukira m'chikwama mwako. Ukufuna kuwerenga zilembo za pa malumo? Sukulu za akuluakulu zilipo konkuno, mwana ndizikusungira ine. Koma kusaluni usapiteko. Wamva?"

"Ndamva, azakhali."

Madzulo a Brown anabwera osangalala. Ndinawapatsa chakudya, kapepala kali pansonga ya chitenje. Ndinatsegula pakamwa kuti ndifunse. Iwo anandiyambirira, akuti Zuhra wapeza kuti lumo lawo lina la chigwiriro cha nyanga lapitirira zaka zana limodzi, ndipo mawa akaweruka masana alimaliza.

Ndinatseka pakamwa. Sindinafunse.

5. Kusaluni

Loweruka a Brown ankagwira ntchito mpaka masana. Atangochoka ndinamaliza za m'nyumba, ndinabereka Cecilia, ndinanyamula bokosi lonse la malumo.

Kunali kumapeto kwa mwezi, ndiye m'kontena munali modzaza. Amayi atatu anali pabenchi kudikira, wina akulukidwa, wina mutu uli m'beseni. Ena anali akwathu, ena a konkuno. Zuhra atandiona anamwetulira, chipeso chili m'manja.

"Mayi a Cecilia, lero mwatikumbukira? Khalani apo. Mutu umenewo ndakhala ndikuulakalaka, ukangomera pang'ono ndidzauluka ulere."

"Mutu wanga usiye," ndinatero. "Ndabwera kudzakubwezera tsitsi lako."

Ndinafutukula kapepala kaja patebulo lake. Ndinanena kuti tsitsi limeneli ndalipeza m'katundu wa amuna anga, ndipo ndikudziwa ntchito yake. Ndinanena m'Chichewa, kenako ndinabwereza m'kachingerezi kanga kothyokathyoka kuti a konkuno amvenso. Ndinatchula mawu oti muti, amene ku Dunoon aliyense amadziwa kuti ndi mankhwala oipa.

"Ndi malumo mumawerengera limodziwa, tenga," ndinatero, n'kuponya bokosi pansi.

Malumo anamwazika pasimenti. La nyanga lija linatseguka pogwa, chitsulo chake n'kuthyoka pakati ngati galasi. Sindinkadziwa kuti ndi chopyapyala chotero.

Zuhra sanakalipe. Anakankhira mpango wake kumbuyo kuti tonse tione. Tsitsi lake linali lalifupi, lolukidwa mizere.

"Langa ndi ili, Tione. Limenelo si langa. Ndi lotsalira m'chipeso, la makasitomala."

Ananenanso m'chingerezi kuti onse amve kuti alibe mlandu ndi amuna anga. Anangoti wamaliza, anagwira pakamwa, atazindikira kuti wauza makasitomala onse kuti amapereka tsitsi lawo.

Amayi aja anayang'ana tsitsi patebulo, anayang'ana malumo pansi. Tsitsi ndi malumo pamodzi, kwathu ngakhale kuno, anthu amaziona kwa sing'anga.

Amene mutu unali m'beseni anali Mayi Aishah, mayi wachikulire wobadwira konkuno, wa tsitsi lalitali lowongoka. Ankabwera Loweruka lililonse. Anadzuka madzi akuchucha, anatola tsitsi lija n'kuliyerekeza ndi lake. Anafunsa motsitsa mawu kuti anamupempha ndani, ndipo mwamuna amene akusunga tsitsi lake ndi ndani.

Zuhra anayamba kufotokoza za malumo, koma panalibe womvera. Apabenchi ananyamuka mmodzimmodzi. Amene ankalukidwa anachoka mutu uli theka, ndipo asanatuluke anagwada n'kutola katsitsi kake konse pansi, n'kuika m'chikwama. Pakhomo anthu anali atasonkhana, ena atakweza mafoni.

Tinatsala awiri, ndi mwana kumbuyo. Zuhra anatola malumo limodzilimodzi, ndi zidutswa zomwe, n'kubwezera m'bokosi. Anandipatsa m'manja.

"Tengani katundu wa amuna anu. Mukawafunse ntchito ya tsitsilo, akakuuzani. Za ine mwathana nazo."

6. Chimene sindinafunse

A Brown anamva asanatsike takisi, poti kanema wa kusaluni anali atafika kale m'mafoni a anthu akwathu. Analowa m'nyumba cha m'ma thuu koloko. Sanakalipe. Anatsegula bokosi, anatenga zidutswa za lumo la nyanga, anaziyang'ana nthawi yaitali n'kuziika pambali.

"Khalani pansi, mayi a Cecilia," anatero.

Ndinakhala pabedi. Anasankha lumo lina lomwe silinavulale, analipititsa pa lamba uku ndi uku. Pakansalu kena panali patakanirira tsitsi limodzi lalitali. Analigwira kunsonga ndi zala ziwiri, likulendewera, n'kulitsitsa pang'onopang'ono mpaka linakhudza lumo. Sanakoke, sanakankhe. Tsitsilo linaduka lokha, chidutswa n'kugwera pansi.

Anandifotokozera kuti umo ndi momwe onola malumo amadziwira kuti lumo lathwa. Likadula tsitsi lolendewera, ndiye kuti lingamete munthu osamupweteka. Likalephera, umabwerera pamwala. Anati tsitsi lawo anayesa koma n'lalifupi ndipo limapotana, siligwirika. N'chifukwa chake anapempha Zuhra kuti aziwasungira lowongoka lotsalira m'chipeso. Zuhra poyamba anakana, iwo n'kumukakamiza.

"Pamenepo ndinalakwa ine," anatero. "Tsitsi la anthu sindikanatenga eni ake osadziwa. Mlandu umenewo ndi wanga. Koma inu, ndinakuitanani kangati kuti mudzaone chinthu chimenechi? Dzulo lomweli tinadyera mbale imodzi, kapepala muli nako. Pakamwa panatupa?"

Ndinati nawonso ankangoti Zuhra, Zuhra, ngati m'nyumba muno mulibe mkazi.

"Nanga ndikanauza ndani? Inu manja anali m'madzi."

Iwo anakulunga miyala yawo itatu m'thaulo, anamasula lamba kumwendo wa bedi, anaika malaya awiri m'chikwama. Anati akukakhala kaye kwa akulu awo, a Maxwell, ku Masiphumelele. Ananyamula Cecilia, anamugwedeza pang'ono, n'kundipatsa.

Ndinawafunsa kuti abwera liti.

"Tsiku limene saluni ya Zuhra idzatsegulidwenso," anatero. "Ine ndi inu tamutsekera limodzi. Sindingamadye bwinobwino muno iye akugona ndi njala."

7. Zimene zinatayika

Ndilemba monga zinalili, osawonjezera.

Lumo la nyanga silinalumikizike. Linakhala zaka zana limodzi m'manja mwa anthu osiyanasiyana, linapirira dzimbiri, n'kudzathera m'manja mwanga m'mawa umodzi.

Saluni ya Zuhra inatsekedwa tsiku lomwelo. Lolemba anayesa kutsegula, palibe analowa. Lachiwiri anapeza chitseko cha kontena atachilemba ndi penti mawu amene ndinatchula ine. Mtsikana wa ku Machinga amene ankaluka naye anakafuna ntchito kwina.

Azakhali sanandikalipire. Anangonditumizira nyemba ndi uthenga woti zonena anamaliza Lachisanu.

Bedi linakula. Cecilia ankati akamva takisi ikulira ankathamangira kuchitseko.

Chinandilemera koposa chinali kumpopi. Ndinkaganiza kuti amayi azindinyoza, koma ayi. Ankandipatsa malo kutsogolo kwa mzere. Ankandigwira paphewa, amvekere ndine mkazi wolimba mtima, ndawapulumutsa kwa mfiti yosonkhanitsa tsitsi la anthu. Ndinatunga madzi masiku anayi osawatsutsa.

Lachinayi masana kunabwera bambo wina wa komiti ya m'dera lathu. Anati Lamulungu kuli msonkhano woti agamule ngati kontena ya Zuhra ichotsedwe pamalopo, ndipo mboni yoyamba ndine. Anati anthu akufunanso kudziwa dzina la mwamuna amene ankasunga tsitsi la Mayi Aishah, chifukwa ana aamuna a mayiwo akumufunafuna, ndipo akwathu omudziwa anali asanaulule.

Ndikakhala chete, Zuhra achotsedwa ndipo amuna anga sabwera. Ndikanena zoona, ndiyenera kuimirira pamaso pa anthu onse aja n'kutchula dzina la a Brown.

Bamboyo anatulutsa cholembera n'kundifunsa ngati alembe kuti ndibwera.

Ndinati alembe.